Mmene mungayambire nkhani ya wilu ndi anthu othandiza bungwe lanu osaoneka ngati mukuwafunira imfa

Chiyambireni Januwale 2025 pomwe boma la America linaimitsa thandizo lodzera ku USAID, ambiri a ife osaka ndalama m'mabungwe kuno ku Mangochi sitikuona tulo. Tinazolowera kuti pulojekiti ikatsala pang'ono kutha timakhala pa laputopu usiku wonse kulemba pulopozo ina, ikadutsa tapuma zaka ziwiri zitatu, ikakanidwa ndiye basi ma volontiya kunyumba, njinga yamoto ija mu sitolo. Koma pali njira ina yomwe timaiopa kuitchula, yomwe ndi kupempha anthu athu omwe, akuno konkuno, kuti pokonza za chuma chawo aikemo kagawo ka bungwe, kaya mu wilu kaya mwa njira ina yoti ntchito idzapitirire iwo atapita.

Musaseke ayi, zimatheka. Alfred Beit, mkulu uja analemera ndi dayamondi ndi golide ku South Africa, anamwalira mu 1906, koma ndalama zomwe anasiya mu wilu yake ndi zomwe zinabala Beit Trust ndipo mpaka lero zikuthandizabe masukulu ndi zipatala ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, dzina mukulimva pa chipatala cha Beit Cure ku Blantyre lija ndi lomwelo. Zaka zoposa 100 munthu ali m'manda. Ife kuno tilibe a dayamondi inde, koma tili ndi eni maboti, eni zigayo, aphunzitsi opuma, eni malo ogona alendo a kunyanja, ndi anyamata a ku Joni omwe amanga nyumba za malenti pa boma apa.

Ndiyambe ndi pomwe ine ndinapsa. Kunali bambo wina wa chigayo, munthu wabwino kwambiri, mwezi uliwonse amatipatsa matumba a ufa wa phala la ana ku sukulu yathu ya mmera mpoyamba, ndipo tsiku lina pamaso pa komiti yonse ananena yekha kuti chigayochi ine ndikadzapita chizidzadyetsa ana amenewa. Tinaomba m'manja, amayi nthungululu, ine ndinafika pokauza bodi kuti tapeza chigayo. Palibe amene analemba kanthu, palibe amene anaganiza zokaonana ndi akazi awo kapena alongo awo. Atamwalira, sadaka itadutsa, tinapita mwaulemu kukakumbutsa, akubanja anangotiyang'ana nkufunsa kuti inu ndi ndani pa mbumba pano. Ndipo kunena zoona sanalakwe, olakwa tinali ife. Ana a malemuwo anali pasukulu, fizi yawo imachokera mchigayo momwemo.

Ndiye chinthu chachikulu chomwe ndikufuna mutenge ndi ichi, mphatso yotereyi imaima pa miyendo iwiri, pepala ndi banja. Pepala lokha popanda banja kudziwa ndi mlandu, banja lokha popanda pepala ndi nthano.

Musanapite kwa aliyense yambani mwasesa kwanu. Munthu sangasiyire chuma bungwe lomwe akaunti yake ili mdzina la dayilekitala, kapena ndalama zimalandiridwa pa Airtel Money ya msungichuma. Bungwe likhale lolembetsedwa, kaya pansi pa Trustees Incorporation Act kaya ngati kampani yosapanga phindu, ndipo ngati ndinu NGO onetsetsani kuti za ku NGORA, ofesi yoyang'anira ma NGO yomwe kale inali NGO Board lamulo lisanasinthidwe mu 2022, zili mchimake. Dzina lomwe lili pa setifiketi ndi lomwe lidzalowe mu wilu, osati dzina lomwe anthu amakutchulani pamsika, chifukwa mabungwe a ana amasiye a maina ofanana alipo ambiri ndipo dzina likasokonekera ndi nkhani ya kukhothi. Akaunti ya kubanki ikhale ya osainira awiri kapena atatu, malipoti a zachuma azioneka chaka ndi chaka. Komanso bodi ikhale pansi igwirizane polemba kuti mphatso zotani tizilandira, zotani tizikana, ndipo ndalama ya malemu ikabwera izisungidwa bwanji. Izi zikuoneka zotopetsa koma funso loyamba lomwe mkulu wanzeru adzakufunseni ndi lakuti nanga inuyo mukadzachoka pabungwepo, ndalama yangayo adzaione ndani.

Kenako nkhani ya oti muwapite. Apa ambiri timalakwitsa pothamangira olemera, uja wa ma lore, uja wa filing'i siteshoni, anthu oti sanapondeko pa ofesi yanu. Ayi. Tsegulani buku lanu la zolandira muone amene akhala akupereka mosadumphitsa kwa zaka zambiri ngakhale zili zochepa. Mayi amene chaka chilichonse pa Ramadhani amabweretsa mpunga, mphunzitsi wopuma amene amalipirira mtsikana mmodzi fizi teremu iliyonse, mwini chilimira amene usipa ukaphedwa bwino amatumiza ndowa ziwiri ku malo a okalamba osachita kumupempha. Amenewo ndiye anthu ake. Mtima anapereka kale, chatsala ndi kuwaonetsa kuti pali khomo lina. Ndipo musaiwale amayi, kuno kwathu kwa chikamwini amayi ambiri ndi amene ali ndi mawu pa nyumba ndi pa munda, koma ife tikamakamba za chuma timangoyang'ana abambo.

Tsopano povuta penipeni, pakamwa. Kwathu kuno ukangotchula wilu munthu amakuyang'ana nkuti kodi mwandiona chani, mukufuna ndife eti, ndipo mawa akadwala malungo dzina lako limveka mudzi wonse kuti unapita kukamulodza. Ndiye musayambe ndi imfa, musayambe ndi mawu oti wilu, ndipo chonde musakambe zimenezi pa foni kapena pa WhatsApp. Pitani kunyumba, khalani pakhonde, imwani thobwa, afotokozereni zomwe thandizo lawo lachita, kuti mtsikana uja mumamulipirira pano ali ku koleji. Mukatero funsani za iwo, kuti kodi bambo, chinakuchititsani nchiyani kuti muyambe kuthandiza ana amenewa. Mudzadabwa, munthu amatha kukamba ola lathunthu za mmene iye anasiyira sukulu sitandade 5 chifukwa chosowa yunifolomu nkupita kunyanja. Inu khalani chete muzimva. Ulendo woyamba uthere pomwepo.

Ulendo wachiwiri kapena wachitatu, mwina patapita miyezi, ndi pomwe mungati, mayi, ntchito mwaigwirayi ndi yaikulu, kodi munayamba mwaganizapo kuti idzapitirire bwanji zaka za mtsogolo zidzukulu zanu zikadzakula. Basi. Akafuna adzaitola okha nkhaniyo, akaikana isiyeni ndipo musasinthe nkhope, apitirize kukhala m'bale wanu monga kale. Kuona maso a nkhono nkudekha. Njira ina yomwe imathandiza ndi kusalunjika munthu mmodzi, konzani tsiku loti loya kapena a ku Legal Aid Bureau adzaphunzitse anthu onse za chuma cha masiye ndi kalembedwe ka wilu, chifukwa nkhani yolanda katundu wa amayi amasiye aliyense imamukhudza ndipo anthu amabwera. Pamenepo bungwe lanu lingotchulidwa kamodzi kumapeto, kuti amene angafune atha kuganizirako ntchito zachifundo. Komanso a bodi ayambe ndi iwo, nkovuta kuuza wina kuti alembe wilu iwe ulibe.

Kwa abale athu achisilamu, omwe kuno ndi ochuluka, nkhaniyi si yachilendo ngakhale pang'ono, ndipo mwina amaidziwa kuposa ife a m'maofesi. Pali sadaka jariya, sadaka yomwe malipiro ake amapitirira munthu atamwalira, monga mjigo, madrasa, mtengo wa zipatso. Pali wakfu, pomwe chinthu monga nyumba kapena munda chimaimikidwa kuti chisagulitsidwe koma phindu lake lizipita ku ntchito yabwino, ngati mmene Umar, mmodzi wa maswahaba a Mtumiki Muhammad, anachitira ndi munda wake wa ku Khaybar ku Arabia. Ndipo pali wasiya, pomwe munthu amaloledwa kupereka mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma chake kwa omwe si alowammalo, kupitirira apo mpaka alowammalo avomere. Malire amenewa alemekezeni, musakankhe munthu kuti apereke theka. Ndipo musasakanize ndi zakaat, chopereka chomwe Msilamu wopeza bwino amalamulidwa kupereka, imeneyo ili ndi malamulo ake ndi oyenera kulandira ake. Ngati inu si Msilamu musadzipange katswiri, pemphani a shehe omwe munthuyo amawakhulupirira akhalepo. Kwa Akhristu nakonso pitani kudzera kwa abusa kapena ansembe, anthu anazolowera chakhumi ndi zamasika, ndipo mawu oti kupatsa nkuika amawadziwa kale.

Lamulo la boma ndi Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act la 2011. Zofunika kuti inu osaka ndalama mudziwe ndi zochepa. Munthu akamwalira opanda wilu chuma chimapita kwa mkazi kapena mwamuna wake, ana ndi omwe amadalira iye, bungwe silipeza kanthu olo malemu akanalonjeza pa msonkhano wa anthu 200. Wilu ikhale yolembedwa, mwini wake asaine pamaso pa mboni ziwiri, mbonizo nazo zisaine. Wilu yomwe yasiya ana ndi mkazi pa mavuto khothi litha kuikonza kuti apeze zowathandiza, ndiye ngakhale mutaona kuti mkuluyo akufuna kukupatsani zonse chifukwa wakwiya ndi ana ake, kanani, mukulowa mu ndewu ya eni. Ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu pa lamulo limeneli, bungwe lisadzapezeke mbali imeneyo.

Apa ndiye ndikuuzeni motsindika, inu musalembe wilu ya munthu, musakhale mboni, wantchito wanu asakhale mboni, mkazi wanu asakhale mboni, ndipo tsiku losaina musapezeke ndi pafupi pomwe. Ndikudziwa mtima umafuna kuthandiza, makamaka gogo akati mwanawe ndiwe wodziwa kulemba tandilembera, koma tsiku lomwe achibale adzaone kuti zolembazo ndi dzanja lanu nkhani yonse idzakhala yoti munamunyengerera nkhalamba. Apite kwa loya wawo kapena kwa wina wodziwa malamulo amene sadya nawo za bungwe lanu. Inu chomwe mungapereke ndi kapepala kokhala ndi dzina lenileni la bungwe, nambala ya setifiketi ndi keyala, basi. Ngati sadziwa kuwerenga awawerengere mu Chiyao kapena Chichewa amve bwinobwino asanadinde chala. Ndipo munthu amene ali gone mchipatala kapena wayamba kuiwalaiwala, musiyeni, nthawi inadutsa.

Nanga apereke chani, ndipo motani. Langizo langa loyamba ndi lakuti atchule gawo osati nambala ya ndalama. Tonse tikukumbuka Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, kuonjezera pa 25 peresenti ya mu Meyi 2022. Munthu akalemba lero kuti ndikusiyira bungwe K2 miliyoni nkukhala moyo zaka zina 20, zomwe tikumufunira, ndalamayo podzafika mwina idzangokwana matumba angapo a simenti. Koma akalemba kuti 5 kapena 10 peresenti ya zotsala ngongole zikabwezedwa ndipo banja likalandira zake, mphatsoyo imakula kapena kuchepa limodzi ndi chuma chake, ndipo banja silidzapezeka likugulitsa nyumba kuti likwanitse nambala yomwe inalembedwa nthawi ya zokoma.

Ena amakonda kupereka chinthu chooneka, nyumba ya lenti, shopu, masheya a pa Malawi Stock Exchange, boti ndi injini yake. Masheya ndi osavuta. Zinazi chenjerani, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Boti likufuna alovi (asodzi ogwira ntchito pa botilo), mafuta, maukonde, munthu wodzuka usiku kukadikira padoko, nthawi ya mwera silipita, nthawi yotseka nyanja silipita, kodi bungwe lanu la ana amasiye lingakwanitse zimenezo. Ngati simungathe, gwirizanani kuti mulembedwe zoti bungwe lili ndi ufulu wogulitsa. Nyumba funsani mapepala, ili pa lizi kapena ayi, msonkho wa malo unalipidwa, palibe ngongole ya kubanki, mukukhala ndani panopa. Nyumba yomwe mukukhala mlongo wake wa operekayo ndi ana asanu si mphatso imeneyo, mudzamutulutsa ndinu?

Malo a kumudzi ndiye nkhani ina. Munda womwe bambo akulima ku Namwera kapena ku Makanjira nthawi zambiri si wake, ndi wa mbumba ya akazi awo, iye ndi mkamwini chabe, ndipo ngakhale kwawo kwenikweni mwini mbumba amangoyang'anira sikuti ndi wake woti angagawe. Malamulo a malo a 2016 anabweretsa zolembetsa malo a makolo ndi makomiti a malo m'midzi, koma pansi pano mawu a mbumba ndi a mfumu akadali olemera. Munthu akati ndikupatsani malo, yankho lanu likhale zikomo, tiyeni tikhale pansi ndi alongo anu, amalume, a mfumu ndi a za malo ku khonsolo. Akayamba kuzemba kuti aaa amenewo asadziwe, dziwani kuti malowo ali ndi eni ake. Makamaka malo a m'mbali mwa nyanja cha ku Monkey Bay uku, komwe mitengo inakwera, mikangano yake simatha.

Pali njira ina yomwe ine ndimaikonda kuposa zonse chifukwa imachotsa mantha a imfa aja, kupereka munthu ali moyo. Mwachitsanzo mayi ali ndi nyumba zitatu za lenti, atha kunena kuti lenti ya nyumba imodzi iyi kuyambira pano izipita ku fizi ya atsikana awiri, zilembedwe, ana ake aone zikuchitika, iye mwini aziwaona atsikanawo akubwera kudzamuonetsa ma lipoti a kusukulu. Podzafika nthawi yoti zilowe mu wilu, banja linazolowera kale kuti nyumba iyo ndi ya ana asukulu ndipo palibe amene adzadabwe. Kwa a ku Joni nazonso zimayenda, amene amatumiza pa Mukuru mwezi ndi mwezi mutha kukamba naye akabwera pa holide, osati pa foni ali kuntchito.

Zikafika pa banja musachite manyazi kufunsa kuti kodi amayi kunyumba akudziwa, nanga ana. Wilu ndi chinsinsi cha mwini wake inde, simungamukakamize kuulula zonse, koma mulimbikitseni kuti gawo la bungwe lokhalo alitchule yekha ndi pakamwa pake kwa mkazi wake, ana akuluakulu ndi mwini mbumba. Pa mitala ndiye kwambiri, makomo onse amve. Mawu omwe bambo ananena yekha ali moyo ana amawasunga, koma pepala lotulukira pa maliro amaliona ngati kuba, olo likhale ndi sitampa ya loya. Mwini wiluyo mumufunsenso kuti wilu yasungidwa kuti ndipo ndani akudziwa, kwa loya kapena kubanki kuli bwino kusiyana ndi pansi pa matilesi pomwe woyamba kuipeza akapanda kuikonda imathera pa moto.

Chinanso, cholinga cha mphatso chisamangidwe kwambiri. Wina atha kunena kuti ndalama yanga izigula mabuku a sitandade 8 pa sukulu yakutiyakuti basi, nanga sukuluyo ikadzapeza mabuku kwina, kapena bungwe lanu likadzasiya za maphunziro. Pemphani kuti pakhale mawu oti ngati zimenezi sizikutheka bodi igwiritse ntchito pa china chofanana nacho, komanso kuti bungwe likadzatha mphatso ipite ku bungwe lina la ntchito yomweyo.

Akakuuzani kuti ndalemba, thokozani, lembani mu faelo yotsekeredwa yomwe akuidziwa anthu awiri okha, ndipo musaike pa Facebook pokhapokha mwini wake atafuna, chifukwa kuno nkhani yoti uje wasiyira bungwe chuma itha kumubweretsera adani pa mudzi. Ndipo musaike mu bajeti. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo, munthu ali ndi ufulu wosintha wilu yake tsiku lililonse, atha kudwala chuma nkuthera ku chipatala, atha kukwatiranso. Pitirizani kumuyendera, pa Eid, pa Khirisimasi, akadwala, mwana wake akamakwatiwa, osati chifukwa cha wiluyo koma chifukwa anali wanu kale. Mukachoka ntchito muuzeni amene akulowa mmalo mwanu, ubale usathere pa inu.

Tsiku lija likafika, pitani ku maliro ngati olira, perekani chipepeso, khalani pansi ndi anthu. Za wilu osatchula, tsiku limenelo kapena sabata imeneyo, ndipo ngati ndi banja lachisilamu dikirani mpaka sadaka ya masiku 40 idutse. Amene anasankhidwa kuyendetsa chuma ndiye adzakupezeni, kapena inu mulembe kalata yaulemu pakapita nthawi. Zimatenga miyezi, nthawi zina kuposa chaka, chifukwa mapepala amadutsa kukhothi, kwa DC kapena kwa Administrator General, ndipo ngongole zimayamba zabwezedwa. Achibale akatsutsa musathamangire kukhothi, yambani mwakhala pansi ndi a mfumu, a shehe kapena abusa omwe analipo pachiyambi paja, ndipo mukaona kuti banja lasaukadi kuchokera pomwe wilu inalembedwa, bodi iganize zolandira zochepa kapena kusiya kumene.

Ndalama ikalowa perekani lisiti kwa banja, ndipo ngati ndi yochuluka musaidye yonse pa malipiro ndi ma alawansi a mawekishopu, ikani ku akaunti ya fikisidi kubanki kapena ku ma treasury bill, komwe mumabwereketsa boma ndalama kwa kanthawi, muzigwiritsa ntchito phindu lake, kwinaku mukubwezeramo kena kuti kugwa kwa kwacha kusaimalize. Chaka chilichonse alembereni ana a malemu kuti chaka chino ndalama ya bambo anu yalipirira ana angati, ndipo mjigo kapena buloko ikatsegulidwa aitaneni akhale kutsogolo, adule riboni ndi iwo osati a bodi.